Mzinda Unapeza Midzi: Mbiri, Malo ndi Anthu a Ndirande ndi Madera Anzake

 

Mwandipempha kuti ndikambe za kwathu kuno. Ndikamba kwambiri za Ndirande poti ndi pamene tasonkhana, koma Chilomoni, Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri ndiziwatchula pafupipafupi chifukwa nkhani yawo ndi yathu yomwe. Mfundo zanga ndi zitatu. Yoyamba ndi mbiri: tinapezeka bwanji pano? Yachiwiri ndi malo: mapiri ndi mitsinje imene takhala pakati pake ikutiuza chiyani? Yachitatu ndi anthu: tilipo angati, ndipo chiwerengerocho chili ndi ntchito yanji? M'mfundo zonse zitatuzi mumva ndikubwereza mawu amodzi, ndipo ndikuchita dala. Mawuwo ndi awa: mzinda unapeza midzi. Midzi inalipo kale, mzinda unabwera pambuyo.

Ndiyambe ndi mfundo yoyamba, ya mbiri.

Ana athu kusukulu amaloweza kuti Blantyre anayamba m'chaka cha 1876. Sakunama, koma chimene chinayamba chaka chimenecho ndi mishoni. Henry Henderson wa mpingo wa Church of Scotland ankayendayenda kufunafuna malo omangapo, ndipo womutsogolera ndi kumumasulira anali Tom Bokwito, munthu wa dziko lino amene anawomboledwa m'manja mwa ogula akapolo mu 1861 ali mwana, nakaphunzira ku Lovedale ku South Africa. Awiriwa atafika pakati pa phiri la Ndirande ndi la Soche sanapeze thengo lopanda mwini. Anapeza Mfumu Kapeni ndi anthu ake, ndipo ndi Kapeni amene anawaloleza kukhala. Mu Okutobala 1876 amishoni anakhazikika, malowo nkuwatcha dzina la kwawo kwa David Livingstone ku Scotland.

Ndipo ngakhale Kapeniyo anapeza anthu. Livingstone podutsa m'mapiri ano mu 1859 anaona midzi ya Amang'anja, anthu olima thonje, owomba nsalu ndi osula makasu ndi mikondo kuchokera ku chitsulo chosungunula okha. Cha m'ma 1860 Ayao anayamba kufika kuchokera kumpoto chakum'mawa, nawonso akuthawa nkhondo kwawo. Panali kumenyana, panali kugwidwa ukapolo, ndipo mu 1862 ndi 1863 kunagwa chilala ndi njala imene inapulula anthu osawerengeka m'chigwa cha Shire ndi m'mapiri muno. Otsala anaphunzira kumanga m'mbali mwa mapiri, pamene mdani amaonekera patali. Mu 1884 Angoni a Chikusi anaoloka Shire nkudzathira nkhondo dera lino, ndipo anthu anathawira ku mishoni, ena nkukwera kukabisala m'matanthwe a Ndirande. Phiri limene ife lero timangolitenga ngati pokumba mchenga ndi pophwanya miyala linasunga miyoyo ya makolo a ena a inu muli muno.

Mayina a mafumu a boma la Blantyre ndi umboni wokwanira: Kapeni, Machinjiri, Somba, Kuntaja, Kunthembwe, Lundu, Chigaru, Makata. Mwana wobadwira ku Area 5 ku Machinjiri angaganize kuti dzinalo ndi la siteji ya minibasi, pamene ndi la ufumu umene ulipo mpaka lero. Kuno kwathu tikamati kwa Makata, kwa Matope, kwa Gamulani, tikutchula mafumu ndi midzi yawo. Mzinda unapeza midzi.

Amishoni atakhazikika, amalonda anatsatira. Kampani ya African Lakes inayamba mu 1878 motsogozedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir, ndipo nyumba ya Mandala imene ikadalipo lero inamangidwa mu 1882. Kuyambira 1888 mpaka 1891 tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa. Mabuku amatchula David Clement Scott ngati wochimanga, ndipo ulemu umenewo ngwake ndithu, koma amene anaponda dothi, kuumba njerwa, kuziotcha ndi kuzikweza pamwamba paja anali anthu a m'midzi yozungulira. Mu 1891 dziko linalowa m'manja mwa Britain. Mu 1895 Blantyre anazindikiridwa mwalamulo ngati tauni. Mu 1908 njanji inafika, ndipo nthawi yomweyo kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ya fodya ku Limbe.

Tsono apa mpamene pagona nkhani, ndipo ndikupemphani mutchere khutu. Tauni ya atsamunda inkafuna manja a munthu wakuda, koma sinkafuna kumupatsa pogona. Azungu anatenga zitunda zabwino, Amwenye anapatsidwa malo a masitolo, ndipo munthu wakuda wololedwa kugona mkati mwa tauni anali makamaka wantchito wa m'nyumba, m'kanyumba ka kuseri. Ena onse, onyamula katundu, osankha fodya, a panjanji, amisiri a matabwa ndi a njerwa, ngakhale makalaliki ophunzira bwino, ankalawirira m'bandakucha wapansi kuchokera m'midzi ya kunja kwa malire, madzulo nkubwerera. Msonkho wa nyumba unkakakamiza amuna kufuna ntchito yolipidwa ndalama. Atonga anabwera kuchokera kunyanja, Angoni kuchokera ku Ntcheu ndi Dedza, ndipo kuyambira cha m'ma 1900 Alhomwe anayamba kulowa mwaunyinji kuthawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Anthu onsewa anafunika pogona. Anawalandira ndani? Khonsolo ayi. Kampani ayi. Anawalandira mafumu a midzi ya m'mphepete mwa tauni. Mlendo ankafika kwa mfumu, nkupereka ulemu wake, nkulozeredwa pomanga ndi polima. Ndirande anakula motero chifukwa anali pafupi ndi Blantyre, Bangwe chifukwa anali pafupi ndi njanji ndi fodya wa ku Limbe.

Choncho munthu akamanena kuti anthu a ku Ndirande kapena ku Bangwe anangobwera nkudzadzaza mzinda, mumuyankhe mwaulemu kuti eni midzi analipo kale, ndipo obwera pambuyo anachita kuitanidwa ndi ntchito za mzinda womwewo. Midziyi inasenza katundu amene tauni inakana kusenza.

Midzi imeneyi sinangopereka manja okha. John Chilembwe ali mnyamata anakhalako ku Chilomoni, nkuyamba kuphunzira pa sukulu ya mishoni kumeneko, asanakumane ndi Joseph Booth amene anayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi mu 1892. Za kuukira atsamunda kumene Chilembwe anatsogolera mu Januwale 1915 mukuzidziwa, ndipo nkhope yake mumaigwira m'manja pa ndalama zathu. Chipani cha Nyasaland African Congress chinabadwira mu Blantyre mu 1944, ndipo James Frederick Sangala anali mmodzi wa ochiyambitsa. Khamu limene linakalandira Dr Hastings Kamuzu Banda ku Chileka pa 6 Julaye 1958 linachuluka ndi anthu a m'madera ngati athu ano, ndipo atsamunda atalengeza lamulo la chipwirikiti pa 3 Malichi 1959, ambiri ogwidwa anakatsekeredwa ku Kanjedza, pafupi pomwepa. Patapita zaka, mu Meyi 1992, miyezi iwiri maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi, ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala ntchito. Sitalakayo inafalikira mumzinda, apolisi anawombera, ndipo anthu pafupifupi 40 anaphedwa. Ambiri amene anali mumsewu masiku amenewo ankagona m'madera ano. Referendamu ya pa 14 Juni 1993 inadza pambuyo pa magazi amenewo. Izi ana athu azidziwe, chifukwa wosadziwa zimene kwawo kunachita amayenda chowerama popanda chifukwa.

Nanga tinalowa bwanji mumzinda? Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa mu 1956, ndipo malire anapitirira kufutukuka mpaka kumeza midzi imene kale inali kunja. Bungwe la Malawi Housing Corporation litakhazikitsidwa mu 1964, njira yaikulu yopezera anthu wamba pokhala inali yodula mapoloti: boma linkalambula msewu, kuika mpopi wogawana, nkumusiya munthu amange yekha nyumba monga angathere. Mbali zina za Ndirande, Chilomoni, Bangwe, Zingwangwa ndi South Lunzu ku Machinjiri zinakonzedwa motero, ndipo ndi chifukwa chake mukamayenda mumapeza pena misewu yoongoka ndi nyumba zandondomeko, kenaka mwadzidzidzi mwalowa m'tinjira tokhotakhota topita pakhomo ndi pakhomo. Poongokapo ndi pamene anayeza. Pokhotapo ndi pamene mudzi unangopitiriza kukula monga unkakulira kale. Mapoloti anatha msanga, koma mafakitale a ku Makata, kuphatikizapo wa mowa wa Carlsberg amene anatsegulidwa mu 1968, anapitiriza kukoka anthu. Mwini poloti anamanga mdadada wa zipinda za lendi kuseri, kenaka wina m'mbali, mpaka bwalo lonse linatha.

Lamulo la mafumu la 1967 limanena kuti mfumu ilibe ulamuliro mkati mwa mzinda pokhapokha khonsolo italola. A Gulupu, mundikhululukire ponena izi pamaso panu, koma ndikunenera kuti tione kusiyana kwa zolembedwa ndi zochitika. Maliro akagwa kuno uthenga umayamba wafika kwa mfumu. Anyamata amaika masamba pamsewu, wa kabaza amachepetsa liwiro, wa wailesi amatsitsa mawu. Mbale ya chipepeso imayenda khomo ndi khomo, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu. Mwana wa alendi amene kwawo ndi ku Nsanje kapena ku Chitipa amaikidwa ndi anthu amene sanabadwe naye. Imeneyi ndi ntchito ya mudzi, ndipo palibe ofesi imene ingaigwire. Mzinda unapeza midzi, ndipo midziyo sinafe.

Ndafika pa mfundo yachiwiri, ya malo.

Blantyre wakhala pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo wazunguliridwa ndi mapiri. Ndirande ndiye wamtali mwa onse oyandikira, wopitirira mamita 1,500. Kumwera kuli Soche, ndipo Zingwangwa ndi Chilobwe ali m'munsi mwake. Kumadzulo kuli Michiru, ndipo Chilomoni watsamira pamenepo. Kum'mawa, kupitirira Limbe, kuli Mpingwe ndi Bangwe. Machinjiri ali kuseri kwa phiri lathu lomweli, kuyang'ana ku Lunzu. Muone bwino: dera lililonse mwa asanu amene ndawatchula lili patsinde pa phiri. Sizinangochitika. Malo athyathyathya ndi zitunda zosavuta kumangapo zinatengedwa kale ndi mishoni, makampani ndi boma. Anthu wamba anatsalira ndi zotsetsereka ndi makwawa.

Kukhala pamtunda kuli ndi ubwino wake. Kuno kulibe kutentha kwa ku Chikwawa, ndipo chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julaye timafunda mabulangete awiri. Koma kuli ndi mavuto awiri aakulu, ndipo onse ndi a madzi.

Vuto loyamba ndi la madzi akumwa. Shire ali kutali ndipo ali kumunsi. Madzi ambiri amene mzinda uno umamwa amachokera ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kukankhidwa ndi makina kukwera mamita pafupifupi 800 kuti afike kuno. Magetsi akazima makina amaima, mipopi nkuuma. Ndipo madzi akafika mumzinda movutikira choncho, omaliza kuwalandira ndi ife a m'mbali mwa mapiri. Mukufuna umboni? Pitani pa kiyosiki ya madzi tambala asanalire kachiwiri. Mupeza zigubu zachikasu ndi ndowa zitandandalikidwa pamzere, eni ake atabwerera kaye kunyumba kukakonzekeretsa ana a sukulu, chigubu chilichonse chikusungira mwini wake malo. Wogulitsa akatsegula mpopi nkungomva mpweya ukutuluka, amayi aja amanyamula ziwiya zawo kulowera ku zitsime za m'mbali mwa mtsinje, podziwa bwino lomwe kuti madziwo si abwino. Gwero la madzi limene lili pafupi nafe ndi damu la Mudi, limene limadalira mvula yogwa pa phiri la Ndirande. Phirilo linali nkhalango yotetezedwa kuyambira zaka za m'ma 1920, ndipo amene muli ndi imvi mukukumbukira paini amene anali thithithi mpaka pamwamba. M'zaka za m'ma 1990 mitengo ija inatha m'kanthawi kochepa. Ena anaicheka matabwa, ena anaotcha makala, ena anaotchera njerwa, ndipo m'malo mwake munalowa minda ya chimanga ndi nyumba. Sindikuloza chala munthu, chifukwa amene ankadula ambiri anali ndi ana ofuna kudya. Koma dothi lochoka m'mindamo limakathera m'damu, ndipo damu lodzaza matope limasunga madzi ochepa.

Vuto lachiwiri ndi la madzi amvula. Mvula ya kuno imagwa yambiri pa miyezi yochepa, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo ikagwa paphiri lopanda mitengo siima kuti ilowe pansi. Imathamangira m'mitsinje: Nasolo amene amadutsa pakati pathu nkukathira mu Mudi, Naperi kumbali ya Soche ndi Zingwangwa, Likhubula kumbali ya Chirimba ndi Michiru, Lunzu kumbali ya Machinjiri. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Khwawa likhoza kuuma zaka khumi, munthu nkuthirapo dothi, nkumangapo nyumba ya njerwa zootcha, nkuikamo alendi. Madzi eni ake amadziwa pamene ankadutsa. Mu Januwale 2015 tinachenjezedwa pamene madzi osefukira anagwetsa nyumba ndi kupha anthu mumzinda muno. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anabwera, ndipo matope ndi miyala ikuluikulu zinatsika m'phiri la Soche nkukwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manje. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Ambiri a ife tinapita kukapepesa, ena munataya abale anu enieni, ndipo sindikufuna kutsegula bala limenelo kupitirira apa. Ndingonena kuti kutsetsereka kwa Soche ndi kwa Ndirande sikusiyana kwenikweni, ndipo nyumba zathu zikukwerabe phiri chaka ndi chaka.

Makolo amene anakhala pano poyamba ankalidziwa phirili. Ankadziwa pamene pamatuluka kasupe, pamene pamagumuka, pamene sipamangidwa. Nzeru imeneyo ikadalipo m'mitu ya agogo ochepa amene atsala, ndipo akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pempho langa kwa mafumu ndi makomiti a chitukuko ndi lakuti muyende ndi agogo amenewa, akulozereni makwawa akale onse, ngakhale amene lero pali nyumba, ndipo muwalembe. Wofuna kugula malo aziuzidwa zoona asanapereke ndalama. Safunsa anadya phula, koma wodziwa amene anakhala chete nayenso ali ndi mlandu.

Mfundo yachitatu ndi ya anthu.

Kalembera woyamba dziko litalandira ufulu, wa 1966, anapeza anthu pafupifupi 109,000 mumzinda wa Blantyre. Mu 1977 anali 219,000. Mu 1987 anali 333,000. Mu 1998 anapitirira 500,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264. Ndiye kuti pa zaka 52 anthu anachuluka kasanu ndi kawiri, ndi kupitirirapo. Mapiri sanasunthe, mitsinje sinakule. Ndipo kafukufuku wa bungwe la UN-Habitat anasonyeza kuti anthu oposa 65 mwa 100 aliwonse a mumzinda uno amakhala m'madera osakonzedwa bwino, amene onse pamodzi sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a malo a mzindawu. Ndibwereze kuti zimveke: anthu awiri mwa atatu aliwonse apanikizana pa kachigawo kochepa ka malo. Amene timatchedwa a m'mphepete ndife ochuluka. Blantyre weniweni, mukamuwerenga ndi mitu ya anthu, ali ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa, ku Machinjiri, ku Mbayani ndi ku Chilobwe.

Ndirande yekha ali ndi anthu oposa 100,000. Tiyerekeze ndi maboma ena. Kalembera wa 2018 anapeza anthu osakwana 15,000 m'boma lonse la Likoma, ndi pafupifupi 131,000 m'boma lonse la Mwanza. Mwanza ali ndi DC wake, khonsolo yake, chipatala chake chachikulu cha boma, ndipo ndi zoyenera kutero, sindikuwachitira nsanje abale athu. Koma dera limodzi la kuno lili ndi anthu oyandikira chiwerengero chimenecho, pamene boma lonse la Blantyre lilibe chipatala chakechake chachikulu monga maboma ena. Matenda akakula, tonse timakathera ku Queens, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chimayenera kulandiranso odwala otumizidwa kuchokera m'chigawo chonse cha kumwera. Tikuyendetsedwa ngati kamudzi pamene kuchuluka kwathu ndi kwa boma lathunthu.

Anthu amenewa ndi otani? Choyamba, ndi ana. Kalembera wa 2018 anapeza kuti theka la Amalawi onse sanakwanitse zaka 18, ndipo aliyense amene anaimapo pachipata cha sukulu ya pulayimale kuno nthawi yoweruka safuna kuuzidwa zimenezi. Chachiwiri, ndi a mitundu yonse. Pa mdadada umodzi wa lendi mupeza Mlhomwe, Myao, Msena, Mngoni ndi Mtumbuka akugawana bafa limodzi ndi chingwe chimodzi choyanikira zovala, ana awo nkumakula akuyankhula Chichewa chimodzi cha mumsewu. Chachitatu, ndi anthu ogwira ntchito, ngakhale ambiri alibe kalata ya ntchito. Lowani kumbali ya amisiri mumsika wa Ndirande. Phokoso la nyundo limakulandirani musanawaone. Mnyamata wakhala pansi, lata lakale walipanira ndi mapazi, akulidula ndi sizasi yaikulu, mnzake akulipinda pa chidutswa cha njanji, wachitatu akukhoma mariveti. Dzuwa likamapendeka, chimene chinali chitsulo chotayidwa chasanduka mbaula, ndowa, chothirira mbewu kapena felemu ya windo, ndipo mawa lake chikwera basi kupita ku Mulanje kapena ku Balaka. Pafupi pomwepo pali ogulitsa zipangizo za galimoto, ndipo eni magalimoto a ku Namiwawa ndi Sunnyside akasowa chitsulo m'masitolo a m'tauni amabwera konkuno. Ntchito zonsezi zimadyetsa mabanja zikwizikwi, koma poti sizilembedwa m'mabuku a boma, anthu ake amawerengedwa ngati osagwira ntchito.

Tsono chiwerengero chili ndi ntchito yanji? Amayi muli muno mukudziwa kuti pamaliro kapena paukwati simuteleka mphika musanaone kuchuluka kwa anthu. Mukayerekeza molakwa, ena amabwerera ndi njala, ndipo kawirikawiri amakhala ana ndi amene anakhala kumapeto. Boma nalonso limateleka molingana ndi chiwerengero chimene lili nacho: makalasi, aphunzitsi, mankhwala, mipopi, mawodi a makhansala ndi madera a aphungu. Wosawerengedwa alibe mbale.

Ndikupatseni chitsanzo cha zimene kuwerengedwa bwino kunatichitira. Kwa zaka zingapo matenda a typhoid anavuta kwambiri mumzinda muno, ndipo mankhwala amene tinazolowera anayamba kulephera. Akatswiri a Malawi-Liverpool-Wellcome ndi anzawo a ku sukulu ya zaudokotala anayenda khomo ndi khomo mu Ndirande kulemba anthu, kuti adziwe amene akudwala, msinkhu wawo ndi kumene amatunga madzi. Kuyambira mu Febuluwale 2018 ana opitirira 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa m'kafukufuku wa katemera watsopano wa typhoid, woyamba wa mtundu umenewu mu Africa muno. Zotsatira zinasonyeza kuti katemerayo amachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 pa 100 paliponse. Mu Meyi 2023 boma linayamba kupereka katemerayu kwa ana m'dziko lonse. Makolo amene munavomera kuti ana anu alowe nawo, ena a inu muli muno, ndipo ndikukuthokozani pamaso pa anthu onsewa. Mwana wa ku Karonga amene watetezedwa lero watetezedwa chifukwa cha chisankho chanu. Koma katemera sachotsa gwero la vuto. Typhoid ndi kolera, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, zimayenda ndi madzi oipa ndi zimbudzi zosefukira, ndipo apa mfundo yachitatu yakumana ndi yachiwiri ija: anthu ochuluka, pamalo otsetsereka, chimbudzi cha wina chili kumtunda kwa chitsime cha mnzake.

Kalembera wa dziko lonse amachitika zaka khumi zilizonse, ndipo wotsatira akuyembekezeka mu 2028. Kumudzi kuwerenga anthu nkosavuta chifukwa khomo lililonse limaoneka. Kuno nkovuta. Pa poloti imodzi pamakhala mabanja asanu kapena khumi. Ena amachoka kusanache nkubwera usiku. Mwini nyumba wina amabisa alendi poopa kuti akatchula onse amukwezera msonkho. Mtsikana wantchito saikidwa m'gulu la a pabanja. Mphwake wa bambo amene anabwera kudzafuna sukulu amanenedwa kuti ndi mlendo wongodutsa, chonsecho wakhala zaka zitatu. Aliyense wotsala choncho ndi desiki imodzi yochepa kusukulu ndi botolo limodzi lochepa kuchipatala.

Choncho ndikupempha zinthu ziwiri zoti tiyambe tsopano osadikira 2028. Choyamba, mafumu ndi atsogoleri a mabuloko, mutu umodzi susenza denga: gwirizanani ndi makomiti a zaumoyo ndi a mipingo ndi mizikiti, buloko iliyonse ikhale ndi kaundula wake wa mabanja, wolemba alendi ndi eni nyumba mofanana, wokonzedwanso chaka chilichonse. A khansala akamapita ku Civic Centre kukapempha mpopi kapena kalasi, azipita ndi pepala la manambala m'manja. Chachiwiri, aphunzitsi a mbiri ndi a jogalafe m'sukulu zathu, tumani ophunzira anu kwa agogo a m'dera lawo ndi kope ndi cholembera. Akafunse kuti banja lawo linafika liti kuno, linachokera kuti, linalandiridwa ndi mfumu iti, linkatunga madzi pati, ndipo manda oyamba anali pati. Makope amenewo asungidwe pasukulu, ndipo kalasi ya chaka chamawa idzapitirize pamene anzawo alekezera.

A wapampando, nthawi imene munandipatsa yakwana. Ndaona manja angapo anakwezedwa kale kumbali ya amayi pamene ndimakamba za makwawa, ndiye ndikupempha kuti mafunso ayambire kumeneko.